Thiransifoma imadwala isanafe: mmene miyezo ya magetsi imaululira matenda ake

Pa malo ambiri ochitira malonda m'boma lino, ntchito za anthu mazanamazana zimadalira chitsulo chimodzi chopachikidwa pa mapolo. Chitsulocho ndi thiransifoma. Ikapsa, chigayo chimaima ndipo amayi amayamba kuyenda mtunda wautali atasenza chimanga. Owotcherera zitsulo ndi ometa tsitsi amakhala manja lende, achipatala amayamba kusowa mtendere ndi filiji yosungira katemera, ndipo ophunzira okonzekera mayeso amabwerera ku tochi. Popeza thiransifoma si katundu wogula pa golosale, dera limene yawonongeka limatha kukhala mumdima kwa milungu, mwinanso miyezi.

Zikatero anthu amakonda kunena kuti yangopsa mwadzidzidzi. Koma kupatula pamene yawombedwa ndi mphezi kapena yaphwasulidwa ndi akuba, thiransifoma imadwala kwa nthawi yaitali isanafe, ndipo matenda ake amaoneka mu manambala amene akatswiri angathe kuyeza. Anthu a m'wodi akadziwa zimene zimayezedwa ndi tanthauzo lake, amamvetsa chifukwa chimene magetsi amazimitsidwira mwadala masiku ena, amazindikira msanga zizindikiro zoyenera kukanena, ndiponso amaona mmene zochita zawo zimatalikitsira kapena kufupikitsira moyo wa thiransifoma ya m'dera lawo.

Ulendo wa magetsi kuchokera ku Shire

Magetsi ambiri m'dziko muno amapangidwa ndi mphamvu ya madzi a mtsinje wa Shire pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo ena ochepa amapangidwa pa Wovwe m'boma la Karonga. M'zaka zaposachedwapa pawonjezeka magetsi a dzuwa, monga a ku Salima amene anayamba mu 2021 ndi a ku Golomoti m'boma la Dedza. Kuyambira mu 2017, malo opangira magetsi a boma ali m'manja mwa EGENCO, pamene ESCOM ndiyo imanyamula magetsiwo ndi kuwagawa kwa anthu. Mathiransifoma ambiri a m'midzi, kuphatikizapo amene anabwera kudzera mu ndondomeko ya MAREP, amasamalidwa ndi ESCOM.

Pali mawu awiri ofunika kuwamvetsa. Mphamvu imene imakankha magetsi mu waya imayezedwa mu mavoliti, ndipo kuchuluka kwa magetsi amene akuyenda mu wayamo kumayezedwa mu maampeya. Zili ngati madzi a mu paipi: mavoliti ndi mphamvu imene madziwo akutulukira, pamene maampeya ndi kuchuluka kwa madzi amene akudutsa.

Kuti magetsi ayende mtunda wautali popanda kutayika ambiri m'njira, mavoliti ake amakwezedwa kufika pa 66,000 kapena 132,000. Mawaya ochokera ku Phombeya m'boma la Balaka kukafika ku Nkhoma m'boma la Lilongwe, amene anamalizidwa mu 2018, anamangidwa kuti azinyamula mavoliti 400,000. Akafika pa sabusiteshoni, mavoliti amatsitsidwa kufika pa 33,000 kapena 11,000, ndipo amenewa ndiwo amayenda m'mawaya odutsa m'midzi. Thiransifoma ya pa polo imatsitsanso mavolitiwo kufika pa 400 a zigayo ndi makina akuluakulu, ndi 230 a m'nyumba. Motero magetsi amadutsa m'mathiransifoma angapo asanayatse babu, ndipo yomalizayo ndiyo ili pafupi kwambiri ndi anthu.

Zimene zili m'kati mwa thanki

Mfundo imene thiransifoma imagwirira ntchito anaitulukira Michael Faraday ku London mu 1831. Iye anaona kuti magetsi akamasinthasintha mu koyilo imodzi ya waya, amabala mphamvu ya maginito imene imadzutsa magetsi mu koyilo ina, ngakhale makoyilo awiriwo asakukhudzana. Mu 1885 akatswiri atatu a kampani ya Ganz ku Budapest, Zipernowsky, Bláthy ndi Déri, anapanga thiransifoma yofanana kwambiri ndi imene ikugwiritsidwa ntchito lero.

M'kati mwa thanki muli chimango cha timalata tachitsulo tosanjikizana, chimene chimakulungidwa ndi makoyilo a waya wa mkuwa kapena aluminiyamu. Koyilo yolandira magetsi a mavoliti ambiri imazungulira kambirimbiri, pamene yotulutsa imazungulira kochepa, ndipo kusiyana kumeneku ndiko kumatsitsa mavoliti. Mawayawo amatchingidwa ndi pepala lapadera kuti asakhudzane, ndipo zonsezi zimamizidwa m'mafuta. Mafutawo ali ndi ntchito ziwiri: amaziziritsa makoyilo, komanso amaletsa magetsi kudumpha kuchoka pa waya wina kupita pa wina.

Popeza mulibe chinthu chozungulira ngati mu injini, thiransifoma yosamalidwa bwino imatha kugwira ntchito zaka 25 mpaka 30, ngakhale kuposera apo. Chimene chimatha msanga ndi pepala lija. Mafuta akada amasefedwa kapena kusinthidwa, koma pepala likafumbutuka silisinthika popanda kumasula makoyilo onse. Likangong'ambika, mawaya amakhudzana, moto umabuka m'kati, ndipo thiransifoma imapsa. Choncho miyezo yambiri cholinga chake n'chimodzi, kudziwa ngati pepala ndi mafuta zikadali ndi mphamvu yotchinga magetsi.

Zimene zimadwalitsa thiransifoma

Mdani woyamba ndi kutentha. Malamulo a bungwe loona za miyezo ya zamagetsi pa dziko lonse la IEC amanena kuti pepala wamba la mu thiransifoma limakalamba pa liwiro loyenera ngati malo otentha kwambiri m'makoyilo ali pa madigiri 98. Kutentha kukakwera ndi madigiri 6 okha, pepala limakalamba mowirikiza kawiri. Pa madigiri 110 limakalamba mowirikiza kanayi, kutanthauza kuti tsiku limodzi limadya moyo wa masiku anayi. Kutenthako kumachokera ku magetsi odutsa m'makoyilo, ndipo kumakwera mofulumira kuposa magetsiwo. Maampeya akapitirira mlingo ndi magawo 20 pa 100 alionse, kutentha kobadwa m'mawaya kumawonjezeka ndi magawo 44 pa 100 alionse. Maampeya akawirikiza kawiri, kutenthako kumawirikiza kanayi.

Mdani wachiwiri ndi chinyezi. Mafuta akatentha amafufuma, akazizira amabwerera, ndipo potero mathiransifoma ambiri amakoka mpweya wa kunja. Pofuna kuumitsa mpweyawo, pamakhala kabotolo ka timiyala totchedwa silica gel. Timiyala ta mtundu wofala timakhala tabuluu tikauma ndipo timasanduka tapinki tikakhuta madzi. Tikasiyidwa osasinthidwa, kapena chivindikiro chikamadontha, madzi amalowa m'mafuta n'kukanyowetsa pepala.

Mdani wachitatu ndi mphezi. Pamwamba pa thiransifoma pamakhala zida zopatutsa mphamvu ya mphezi, zimene zimaitumiza m'nthaka kudzera mu waya wa earth wotsika ndi polo. Waya ameneyu akaduka kapena kubedwa, mphamvu ya mpheziyo imalowa m'makoyilo. Wachinayi ndi kugundana kwa mawaya otuluka mu thiransifoma chifukwa cha nthambi za mitengo, mphepo kapena kulumikiza magetsi mwachinyengo. Mawaya akagundana, magetsi ochuluka kwambiri amadutsa m'kanthawi kochepa n'kugwedeza makoyilo mwamphamvu, moti pang'ono ndi pang'ono amasuntha pa malo ake.

Miyezo yotengedwa magetsi akuyaka

Muyezo woyamba ndi wa katundu amene thiransifoma yasenza. Pa thanki iliyonse pamakhala kachitsulo kolembedwa kukula kwake mu kVA. Thiransifoma yotulutsa magetsi kudzera mu mawaya atatu, amene amatchedwa mafezi, ikakhala ya 50 kVA imayenera kupereka maampeya osapitirira 72 pa fezi iliyonse, ndipo ya 100 kVA osapitirira 144. Katswiri amapana waya aliyense ndi mita yokhala ndi kamwa lotseguka, n'kuwerenga maampeya popanda kudula waya.

Manambalawa amadzadza msanga kuposa mmene ambiri amaganizira. Mbaula yamagetsi ya mawati 2,000 imakoka maampeya pafupifupi 9. Izi zikutanthauza kuti mbaula 9 zotere zikayatsidwa nthawi imodzi pa fezi imodzi ya thiransifoma ya 50 kVA, feziyo yapitirira kale mlingo wake, musanawerengere mababu, mafiliji, ma TV ndi masimbi. Thiransifoma imene inaikidwa pamene panali nyumba zochepa zoyatsa mababu okha imapezeka yachepa derali likakula.

Nthawi yoyezera ndi yofunika. Muyezo wa masana, anthu ali kuminda ndi kuntchito, ungaonetse ngati zonse zili bwino, pamene vuto lenileni limabwera madzulo, nthawi yophika ndi yoyatsa magetsi m'nyumba zonse. N'chifukwa chake akatswiri amayeza madzulo, kapena amasiya kachipangizo kolemba kokha maampeya ndi mavoliti kwa masiku angapo. Nthawi inanso yovuta ndi pamene magetsi angobwera atazima kwa maola ambiri, chifukwa mafiliji, mapampu, mbaula ndi zotenthetsera madzi zonse zimayamba pamodzi. Mathiransifoma ambiri anakumana ndi zimenezi tsiku ndi tsiku namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, pamene dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo magetsi ankagawidwa mosinthanasinthana kwa miyezi yambiri.

Muyezo womwewo umaonetsanso ngati katundu wagawidwa mofanana. Mwachitsanzo, pa thiransifoma ya 100 kVA katswiri angapeze maampeya 170 pa fezi yoyamba, 80 pa yachiwiri ndi 50 pa yachitatu. Powonkhetsa, katunduyo sanafike pa zimene thiransifomayo ingasenze, komabe koyilo ya fezi yoyamba ikuwotcheka madzulo alionse. Zili ngati ng'ombe ziwiri pa goli pamene imodzi yokha ndiyo ikukoka ngolo. Izi zimachitika nyumba zatsopano zikamalumikizidwa pa waya amene ali pafupi popanda kuwerengera katundu. Mankhwala ake ndi osavuta: nyumba zina zimasamutsidwira ku mafezi opepukidwa, ndipo sipafunika kugula thiransifoma ina.

Kenaka pamabwera muyezo wa mavoliti, umene umatengedwa pa thiransifoma penipeni ndi pa nyumba yomaliza ya mzerewo. Ngati mavoliti ndi otsika kuyambira pa thiransifoma, vuto lingakhale katundu wochuluka, magetsi ofooka ochokera ku sabusiteshoni, kapena chosinthira mavoliti cha pa thanki chimene chaikidwa pa malo osayenera. Ngati ali bwino pa thiransifoma koma otsika ku nyumba yomaliza, ndiye kuti mawaya atalika kwambiri, ndi aang'ono, kapena pena pake polumikizira pamasuka. Mavoliti otsika amachititsa mota ya chigayo kapena ya filiji kukoka maampeya ambiri mpaka kupsa. Choopsa kwambiri ndi kuduka kapena kubedwa kwa waya wachinayi wotchedwa neutral. Zikatero nyumba zina zimalandira mavoliti otsika pamene zina zimalandira oyandikira 400 m'malo mwa 230, ndipo zipangizo zimapsa m'nyumba zambiri nthawi imodzi.

Akatswiri amagwiritsanso ntchito kamera yoona kutentha. Ikalozedwa pa thiransifoma imene ikugwira ntchito, imaonetsa malo olumikizira amene amasuka kapena achita dzimbiri, popeza malo otere amatentha kuposa anzake.

Miyezo yofuna kuti magetsi azimitsidwe

Miyezo ina siingatheke magetsi akuyaka, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene ESCOM imalengezera kuti magetsi azima m'dera lakutilakuti kwa maola angapo. Thiransifoma imalekanitsidwa ndi mawaya a mbali zonse ziwiri, imatsimikiziridwa kuti ilibe magetsi, ndipo pamenepo ntchito imayamba.

Woyamba ndi muyezo wa mphamvu ya zotchinga. Chida chimene ambiri amachidziwa ndi dzina loti megger chimakankha mavoliti oyambira pa 1,000 mpaka 5,000 pakati pa koyilo ina ndi inzake, ndiponso pakati pa koyilo ndi thanki, n'kuona kuchuluka kwa magetsi amene akudontha kudutsa mu pepala ndi mafuta. Zotsatira zimawerengedwa mu megaohm, ndipo nambala ikakhala yaikulu ndiye kuti zotchingazo n'zolimba. Katswiri amawerenga pakatha mphindi imodzi, n'kuwerenganso pakatha mphindi 10. Pepala louma ndi loyera limachititsa nambala kukwera nthawi ikamapita, pamene lonyowa kapena lakuda limaisiya pamalo amodzi. Popeza zotsatirazi zimasintha ndi kutentha kwa mafuta, madigiri a nthawi yoyezera amalembedwanso.

Wachiwiri ndi muyezo wa kusiyana kwa makoyilo. Thiransifoma yolandira mavoliti 11,000 n'kutulutsa 400 imatsitsa mavoliti ka 27.5. Katswiri amalowetsa mavoliti ochepa mbali imodzi n'kuwerenga otuluka mbali inayo pa fezi iliyonse. Zotsatira siziyenera kusiyana ndi zolembedwa pa kachitsulo ka pa thanki kuposa theka la gawo limodzi pa magawo 100. Zikasiyana kuposa apo, ndi chizindikiro chakuti mawaya ena m'koyilo akhudzana kale, ndipo thiransifoma yotere ikayatsidwanso imatha kupsa nthawi iliyonse.

Wachitatu ndi muyezo wa mmene waya wa koyilo iliyonse akukanira magetsi kudutsa. Makoyilo a mafezi atatu anapangidwa ofanana, choncho manambala awo ayenera kuyandikana kwambiri. Fezi imodzi ikasiyana ndi zinzake, pamakhala polumikizira pomasuka m'kati, waya woyamba kuduka, kapena chosinthira mavoliti chimene sichikugwira bwino.

Wachinayi ndi muyezo wa earth. Timitengo tachitsulo timakhomedwa m'nthaka pa mitunda yosiyana kuchokera pa polo, ndipo chida chimayeza ngati nthaka ikulandira magetsi mosavuta. Apa nambala yabwino ndi yaing'ono. Dothi lamchenga, lamiyala kapena louma limakana magetsi kwambiri, motero muyezo wa m'chilimwe ndiwo umaonetsa vuto mmene lilili, mvula ya mabingu isanayambe. Earth ikakhala yofooka, zida zopatutsa mphezi zimakhala zopanda ntchito, ndipo munthu kapena chiweto chokhudza polo chingathe kugwidwa ndi magetsi.

Mathiransifoma akuluakulu a pa sabusiteshoni amayezedwa mozama kuposa apa. Njira imodzi ndi yolowetsa timagetsi tosinthasintha pa liwiro losiyanasiyana n'kujambula mzere wa mmene makoyilo akuyankhira. Mzere umenewu uli ngati chidindo cha chala cha thiransifomayo. Ukasintha poyerekeza ndi umene unajambulidwa ili yatsopano, akatswiri amadziwa kuti makoyilo asuntha, ngakhale asanatsegule thanki.

Mafuta amaulula za m'kati

Monga dokotala amatengera magazi pang'ono kuti adziwe za thupi lonse, akatswiri amatapa mafuta pang'ono pansi pa thanki. Mafutawo amathiridwa mu kachikho kokhala ndi timitu tiwiri tachitsulo totalikirana mamilimita 2.5, ndipo mavoliti amakwezedwa pang'onopang'ono mpaka moto utadumpha pakati pa timituto. Mafuta atsopano amayenera kupirira mavoliti osachepera 30,000, ndipo osefedwa ndi kuumitsidwa bwino amafika cha m'ma 70,000. Madzi ochepa kwambiri kapena litsiro zimatsitsa nambalayi, ndipo zikatero mafuta amafunika kusefedwa kapena kusinthidwa.

Ku labotale amayezanso mipweya imene yasungunuka m'mafutamo, chifukwa vuto lililonse limabala mpweya wakewake. Mpweya wa hydrogen ukachuluka, kawirikawiri kumakhala timoto ting'onoting'ono tothetheka m'zotchinga. Mpweya wa ethylene umaonetsa kuti pali malo otentha kwambiri, carbon monoxide imaonetsa kuti pepala likupserera, ndipo acetylene imaonetsa kuti moto weniweni wa magetsi ukudumpha m'kati. Pa mathiransifoma akuluakulu pamakhalanso chida chimene anatulukira Max Buchholz wa ku Germany mu 1921, chimene chimasonkhanitsa mpweya wotuluka m'mafuta, n'kuchenjeza kapena kuzimitsa thiransifoma vuto lisanakule.

Izi zikuonetsa kuopsa kwa mchitidwe woba mafuta a thiransifoma. Mafuta akatsika, makoyilo amakhala pamtunda opanda choziziritsa ndi chotchinga, ndipo posakhalitsa amapsa. Mafutawa si odyedwa kapena odzola. Ena a m'mathiransifoma akale amakhala ndi mankhwala oopsa otchedwa PCB, amene mayiko, kuphatikizapo Malawi, anagwirizana kuwathetsa pansi pa pangano la ku Stockholm la mu 2001.

Nambala imodzi siikwanira

Mayi aliyense wopita ndi mwana ku sikelo amadziwa kuti kulemera kwa mwezi umodzi sikunena zambiri. Chimene azaumoyo amayang'ana pa khadi ndi mzere, ngati ukukwera, waima kapena ukutsika. Chimodzimodzinso thiransifoma. Muyezo wa megger ungaoneke wabwino chaka chino, koma ngati watsika ndi theka poyerekeza ndi wa chaka chatha, pali chimene chikulakwika. Maampeya 60 pa thiransifoma ya 50 kVA sanapitirire mlingo, koma ngati anali 40 chaka chapitacho, chaka chamawa adzapitirira.

Pa chifukwa ichi thiransifoma iliyonse imafunika kaundula wake wolembedwa miyezo ya tsiku loiika ndi ya nthawi zonse zotsatira. Kaundula wotere amathandiza kusankha imene ikufunika kusinthidwa msanga, imene ingopunguliridwa katundu, ndi imene ingadikire. Mathiransifoma a pa sabusiteshoni zikuluzikulu ali ndi zida zoyeza usana ndi usiku, koma a pa mapolo ndi ochuluka ndipo ali motalikirana, moti sangayenderedwe kawirikawiri. Apa ndi pamene maso ndi makutu a anthu okhala pafupi amakhala ofunika, chifukwa uthenga wawo ndiwo umathandiza akatswiri kudziwa koyamba kupita ndi zida zawo.

Gawo la anthu a m'wodi

Kuyeza thiransifoma ndi ntchito ya akatswiri a ESCOM okha. Mavoliti 11,000 amatha kudumphira munthu asanakhudze n'komwe waya, choncho palibe woyenera kukwera polo kapena kutsegula bokosi la mafyuzi. Koma pali zizindikiro zimene munthu aliyense angaone ataima patali.

Thiransifoma yabwino imalira pang'ono mosasinthasintha. Ikayamba kulira mokweza, kuthetheka kapena kununkha zopserera, ndi nkhani yofunika kukanena tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso mafuta akamayenderera pa thanki kapena kudonthera pansi, mababu akamazirala madzulo alionse, mafyuzi akamaduka pafupipafupi, mbali imodzi ya mudzi ikamazima pamene ina ikuyaka, kapena waya wotsika ndi polo akaoneka woduka. Mababu akawala modabwitsa kuposa masiku onse, eni nyumba azimitse switchi yaikulu nthawi yomweyo, chifukwa chingakhale chizindikiro cha kuduka kwa neutral. Pokanena, ndi bwino kutchula malo enieni, chimene chaoneka, ola limene chimachitika ndi masiku amene chakhala chikuchitika, komanso kufunsa nambala ya dandaulolo kuti khansala athe kulondoloza. Dandaulo likakhala nthawi yaitali osayankhidwa, bungwe la MERA lili ndi udindo womva madandaulo a ogwiritsa ntchito magetsi.

Pali mchitidwe umodzi umene umaoneka ngati thandizo pamene ukupha thiransifoma. Fyuzi ikaduka, anthu ena amasonkherana ndalama n'kuitana munthu wodziwako za magetsi kuti amangepo waya wokhuthala. Fyuzi inapangidwa kuti iziduka katundu akachuluka kapena mawaya akagundana, kuti thiransifoma ipulumuke. Ikalowedwa m'malo ndi waya wosaduka, chimene chimapsa ndi makoyilo, ndipo womangayo amaika moyo wake pachiswe. Fyuzi yoduka kawirikawiri ikupereka uthenga woti thiransifomayo iyezedwe.

Amalonda ofuna kuika chigayo, makina ochekera matabwa kapena owotcherera zitsulo ayenera kudziwitsa ESCOM asanagule makinawo, ndi kugwiritsa ntchito wolumikiza magetsi wokhala ndi chiphaso cha MERA. Mota yaikulu ikamayamba kuzungulira imakoka maampeya owirikiza kasanu kapena kupitirira apo poyerekeza ndi pamene yakhazikika, ndipo pamafunika kuona ngati thiransifoma ya pamalopo ingapirire. Kulumikiza magetsi mwachinyengo ndi mlandu, komanso kumasokoneza mawerengero onse, chifukwa katundu wosalembedwa sawerengeredwa pokonza mapulani. M'nyumba namo, magetsi akazima ndi bwino kuzimitsa mbaula, simbi ndi zotenthetsera madzi, n'kudzaziyatsa chimodzichimodzi magetsi atabwera ndi kukhazikika. Pansi pa thiransifoma pasamangidwe benchi ya malonda, pasawotchedwe zinyalala, ndipo ana asasewererepo.

Makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC ali ndi gawo lawolawo. Iwo ndiwo amadziwa kale kumene kukubwera midadada yatsopano ya sukulu, nyumba za aphunzitsi, msika, pampu ya madzi kapena malo ogawidwa kuti anthu amangepo. Chitukuko chilichonse chotere ndi katundu watsopano pa thiransifoma imene ilipo. Nkhaniyi ikalembedwa m'mapulani a dera n'kufika ku khonsolo kudzera mwa khansala nthawi ikadalipo, ESCOM ingadziwitsidwe kuti iyeze ndi kukonzekera nyumbazo zisanathe. Mafumu ndi magulu a chitetezo cha m'midzi nawo angathandize pofunsa chiphaso cha ntchito kwa aliyense wopezeka pa polo, makamaka usiku kapena magetsi atazima, pamene akuba amapezerapo mpata, ndi kudziwitsa apolisi za ogula mkuwa ndi mafuta osadziwika kochokera.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Katswiri ali ndi zida zoyezera koma sakhala m'mudzimo, ndipo mwini mudzi alibe zida koma amamva kulira kwa thiransifoma usiku uliwonse. Uthenga wa mwini mudzi ukafika kwa katswiri nthawi yabwino, vuto limatha ndi ntchito ya maola ochepa, monga kusamutsa nyumba zingapo ku fezi ina, kumanga polumikizira pomasuka, kusintha timiyala ta m'kabotolo kapena kubwezeretsa waya wa earth. Uthengawo ukachedwa, chotsala ndi kudikira thiransifoma yatsopano, chigayo chili chotseka. Khonsolo ikupempha makomiti onse a chitukuko kuti pa msonkhano wawo wotsatira ayendere mathiransifoma a m'dera lawo ataima patali, alembe zimene aona ndi zimene anthu oyandikana nawo akudandaula, ndipo apereke zolembazo kwa khansala wa wodi yawo mvula isanayambe.